Mutu wa Chipanda wa Esinala

Esinala anabadwira ku Tengani, m'banja lolima mapira ndi thonje. Sukulu analekeza Sitandade 6, chaka chimene Shire anasefukira n'kumiza dimba la makolo ake. Anali munthu wosayankhulayankhula, wa thupi laling'ono, ndipo chimene ankadziwika nacho chinali tsitsi. Akadali mtsikana, amayi a m'mudzi ankamupeza pansi pa mtengo wa masawu kuseri kwa nyumba, iye n'kumawamanga ndi ulusi wakuda, ena mizere yoima ngati nyanga, ena yopinda n'kukumana pakati pa mutu. Dzanja lake linali lopepuka, moti ngakhale ana olira msanga ankagona tulo ali pamiyendo pake.

Anakwatiwa ndi Shadreck, Msena wa cha ku Bangula, amene ankadula nzimbe ku esiteti ku Nchalo. Shadreck anapereka ng'ombe kwa makolo a mkaziyo monga mwa mwambo wa kwawo, n'kumutenga kukakhala naye m'nyumba za antchito. Nyumbazo zinali zofanana zonse, zondandalikana m'mizere, ndipo mzere uliwonse unali ndi mpopi wake. M'menemo munali Ayao, Alomwe, Atumbuka, Asena ndi Amang'anja, aliyense akumva za m'nyumba ya mnzake. Nthawi yotentha nzimbe, phulusa lakuda linkagwera pa zovala zoyanika ndi m'madzi akumwa. Kumeneko n'kumene Esinala anaberekera mwana wake mmodzi yekhayo, Evelesi.

Kutsidya kwa msewu kunali nyumba za akuluakulu a mu ofesi, zokhala ndi magetsi ndi mipanda ya maluwa. Mu imodzi mwa izo munkakhala Mayi Lily, mkazi wa kalaliki wamkulu, amene anasandutsa chipinda chakuseri kukhala saluni. Anali ndi galasi lalikulu, chowumitsira tsitsi chovala kumutu ngati chisoti, ndi setifiketi yopachikidwa pakhoma. Pashelefu pankakhala mutu wa chidole wa labala, wa tsitsi lalitali, umene anaphunzirirapo ntchitoyo ku Limbe. Mayi Lily sankadziwa kuluka. Ataona mutu wa mtsikana wawo wantchito utalukidwa bwino, anafunsa amene waluka, ndipo sabata yotsatira Esinala anayamba ntchito.

Ntchito yake inali kusesa, kutsuka mitu ya makasitomala, kuchapa matawulo, ndi kuluka amene akufuna kulukidwa. Inali nthawi imene pemu, mankhwala owongolera tsitsi, anangofika kumene m'chigwa, ndipo akazi a makalaliki ndi aphunzitsi ankafuna tsitsi lofewa, lonyezimira. Ntchito imeneyo Mayi Lily ankaigwira okha. Posakaniza mankhwala ankatembenukira kukhoma kuti Esinala asaone. Koma iye ankaonera m'galasi, tsache lili m'manja.

Namwino wina amene ankabwera kudzalukitsa ndiye anayambitsa nkhani ya mayeso. Anafunsa chifukwa chimene munthu waluso chonchi akungosesera pansi, pamene sukulu ya ku Limbe imene Mayi Lily anaphunzirako imalola ndi anthu akunja omwe kukayesedwa kamodzi pa chaka. Anati wokhala ndi setifiketi amalembedwa ntchito m'saluni za m'tauni, mwinanso kutsegula yake. Mayi Lily anaseka, ndipo pamaso pa kasitomalayo analonjeza kuti amuthandiza. Anafotokoza kuti amayesa kudula, kuika marola okulungira tsitsi, pemu, ndi mafunso a ukhondo m'Chingerezi, komanso kuti aliyense amabwera ndi munthu wake woti amukonze tsitsi oyesa akuona.

Esinala anagulitsa mbuzi yake imene inali kwa mayi ake ku Tengani, n'kulembetsa. Shadreck anakondwa. Ankauza anzake kumunda kuti mkazi wake akakhoza, iye ataya chikwanje n'kukakhala ku Blantyre. Munthu wopita naye ku mayeso anapezekanso msanga: Dailesi, mnzake wa nyumba yoyandikana, amene anali ndi tsitsi lambiri ndi lalitali kuposa aliyense mumzerewo. Dailesi anali atangokwatiwa kumene, ali ndi pakati poyamba, ndipo anali asanakwereko phiri kupita ku Blantyre. Anavomera akuseka, n'kunena kuti mwana akadzabadwa adzam'bereka kumbuyo n'kupita naye.

Vuto linali pophunzirira. Kuluka ankadziwa, koma marola amafuna zala zozolowera, ndipo zala sizizolowera poyang'ana. Makasitomala sankalola kuti wosesa awaike marola. Dailesi ankakhala pansi nthawi zina, koma msana unkamupweteka, ndipo sankapirira nthawi yaitali. Esinala atapempha kubwereka mutu wa chidole uja, Mayi Lily anakana. Anati tsitsi lake n'lochokera kunja, ndipo manja ozolowera khasu angalithothole.

Ndiye Esinala anadzipangira wake. Anapeza chipanda chachikulu ngati mutu wa munthu, n'kuchiboola timabowo tambirimbiri ndi singano yotentha. Tsitsi ankalitola posesa mu saluni, akusankha lalitali lowongoka ndi mankhwala. Ankadziwa bwino kuti anthu safuna tsitsi lawo lizikhala m'manja mwa wina. Kwawo ku Tengani munthu akameta amalikwirira kapena kulitaya m'chimbudzi. Koma iye ankaliona ngati zinyalala zimene Mayi Lily amamutuma kukatentha kudzala. Ankalimanga timitolo ndi ulusi, kulowetsa m'bowo, n'kumata ndi phula la kandulo. Tsiku lina atadula nsonga za tsitsi la Dailesi, anatolanso zimenezo, chifukwa zinali zazitali bwino. Miyezi inapita, chipanda chinadzaza: pena tsitsi lakuda bii, pena la imvi, pena lofiirira chifukwa cha mankhwala. Marola anadula a bango.

Atamaliza anachikulunga m'chitenje n'kukaonetsa Mayi Lily. Mayiwo anaseka mpaka misozi, anaitana amuna awo kuti adzaone, kenaka anakhala pansi n'kumuonetsa mmene amagawira tsitsi ndi chipeso asanalikulunge. Linali tsiku lokhalo limene anamuphunzitsa kanthu. Shadreck yekha ndiye sankachikonda chipandacho. Ankati chimamuyang'ana ngakhale chilibe maso, ndipo analamula kuti chizikhala m'dengu kunsi kwa bedi.

Masana aliwonse akaweruka, Esinala ankatseka chitseko, kukhazika chipanda pakati pa mawondo, n'kumakulunga ndi kumasula, kukulunga ndi kumasula. Pochita zimenezo ankabwereza mayankho a Chingerezi amene namwino uja anamuphunzitsa, onena za kuwiritsa zipeso, za majeremusi ndi matenda a pakhungu. Mawu ambiri sankawamva tanthauzo, koma anawaloweza ngati nyimbo. Nthawi yomweyo ndi imene amayi a Ligi ankasonkhana pabwalo kuyeserera magule a chipani, ndipo Esinala anayamba kujomba. Tcheya wa amayiwo anali Mayi Magret, azakhali ake a Dailesi, munthu wa mawu aakulu amene ngakhale akapitawo ankamupatsa njira. Anamuchenjeza kangapo pampopi, Esinala n'kumangopepesa kuti akukonzekera mayeso.

Mwezi wa kutentha kwambiri, Dailesi anayamba kutupa miyendo ndi kumva mutu. Asanafike pa nthawi yake anapita naye kuchipatala, ndipo mwana anabadwa wakufa. Atabwerera kunyumba sankadya. Ankangokhala pamphasa atagwira mutu, akunena kuti akumva ngati wina akumukoka tsitsi kuchokera mkati. Esinala ankamuphikira phala ndi kumuchapira. Anthu anayamba kunong'onezana kuti mtsikana wathanzi chotero sangataye mwana popanda dzanja la munthu, koma panalibe amene ankatchulidwa.

Masana ena Mayi Magret anaganiza zokamutenga yekha Esinala kupita naye kubwalo. Sanaodire. Anangokankha chitseko, n'kupeza mkazi atakhala pansi mumdima wa m'nyumba, chinthu chonga mutu wa munthu chili pakati pa miyendo, akuchipesa ndi kuchiyankhulira mawu osamveka. Mayi Magret anabwerera chafutambuyo mpaka panja, ndipo atafika pakati pa mzere anayamba kuitana anthu ndi mayina awo.

Chipanda anachikhazika pa mtondo wovundikira pafupi ndi mpopi. Amayi anachizungulira, poyamba chapatali, kenaka chapafupi. Mmodzi analoza imvi n'kunena kuti n'zake. Wina anazindikira tsitsi lofiirira la mphunzitsi wa ana ake. Esinala anafotokoza mmene akanathera: kuti n'chipanda wamba, kuti achitembenuze aone kuti mkati mulibe kanthu, kuti ku Limbe amaphunzirira pa zidole zoterozo. Palibe amene anafuna kuchikhudza. Anabwera naye Dailesi, akumugwirizira mbali zonse. Dailesi anachiyang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa motsitsa mawu ngati lake lilimo.

Esinala akanatha kukana, chifukwa tsitsi lakuda limafanana. Koma anati lilimo, nsonga zija anamudula zija. Dailesi anakhala pansi m'matope a pampopi n'kuyamba kulira ngati mmene analirira tsiku lobwera kuchipatala.

"Kafunseni Mayi Lily," anatero Esinala. "Anachiona, anachigwira ndi manja awo. Akuuzani kuti n'cha mayeso."

Gulu lonse linawoloka msewu, Esinala ali pakati. Mayi Lily anatuluka atavala epuloni yoyera, n'kuima mkati mwa geti osatsegula. Anayang'ana chipandacho, chimene mnyamata wina ananyamula pa fosholo. Anayang'ananso amayiwo, pozindikira kuti ena mwa iwo ndi abale a makasitomala awo.

"Chinthu ichi ndikuchiona koyamba," anatero. "Ine tsitsi lonse ndimamutuma kukatentha. Ngati amalitenga, amaba."

"Adona, si inu munandionetsa kagawidwe kake pa chomwechi?"

"Iwe, usanditchule pa zinthu zako. Pakhomo panga usadzapondenso."

Anatembenuka n'kulowa m'nyumba, ndipo anthu anamva akutseka ndi kiyi.

Shadreck anawapeza atabwerera pampopi. Ankachokera kumunda, thupi lonse lili bii ndi mwaye wa nzimbe, chikwanje chili m'manja. Mayi Magret anamuuza kuti pali njira ziwiri: aitane anyamata a chipani, nkhani ifike ku ofesi, iye achotsedwe ntchito ndi kulandidwa nyumba; kapena amayi athane nazo okha pomwepo. Anamufunsanso ngati ankadziwa zimene zinali kunsi kwa bedi lake. Shadreck anayang'ana mkazi wake, kenaka anayang'ana pansi. Anayankha m'Chisena kuti nkhabe, sankadziwa. Ananyamula Evelesi, amene anali atagwira chitenje cha mayi ake, n'kulowa naye m'nyumba.

Amayi aja anamukhazika pansi Esinala n'kumugwira manja ndi miyendo. Lumo linali lakale, lometera amuna ake a Mayi Magret, ndipo sanamunyowetse ndi madzi kapena sopo. Anagwirizana kuti aliyense amene tsitsi lake linali pa chipanda amete mbali yake. Ena ankameta mwamantha, kungopala pang'ono n'kupereka lumo kwa wina. Ena ankakanikiza dala. Amene analibe tsitsi pa chipandapo anametanso. Dailesi anakana kugwira lumo, koma sanachoke. Magazi ankatsikira m'makutu ndi m'khosi. Esinala sanakuwe, ankangobwereza kuti n'cha mayeso, mpaka mawu anamuthera. Atamaliza anasonkha moto, n'kuponyapo chipanda pamodzi ndi tsitsi lake lomwe. Chipandacho chitaphulika ndi kutentha, ana anaseka n'kuthawa, koma akuluakulu anati chimene chinali mkati chatuluka. Mayi Magret anatapa phulusa lake n'kumupaka m'mabalamo, akuti kuti mankhwala ake amubwerere.

M'mawa mwake Shadreck anamuperekeza pamsewu ndi kathumba ka zovala. Esinala atafunsa za mwana, anamuyankha kuti mwana ndi wa ng'ombe zimene anapereka, ndipo mlongo wake abwera kudzamulera. Anamukweza pa lole ya thonje yopita ku Nsanje, ndipo sanadikire kuti inyamuke.

Ku Tengani nkhani inali itafika kale pa njinga. Mayi ake anamulandira, anamutsuka mutu ndi madzi a mchere, koma anamuyalira m'khitchini, chifukwa mlamu wake sanafune kuti agone nyumba imodzi ndi ana. Mabala ena anapola, ena anatukusira chifukwa cha phulusa lija ndi kutentha, n'kumatuluka mafinya. Ankamanga duku usana wonse. Akavula, nsalu inkamatirira, n'kusenda nkhanambo.

Aliyense ankaganiza kuti za mayeso zathera pomwepo. Koma tsiku litayandikira, Esinala anauza mayi ake kuti apita. Anati akabwera ndi setifiketi, anthu aona kuti sananame, ndipo Shadreck amubwezera mwana. Mayi ake anamufunsa kuti ndani angamupatse mutu. Zoonadi, m'mudzimo ngakhale achemwali ake anakana.

Zaka zimenezo anthu othawa nkhondo ku Mozambiki anali atadzaza m'boma la Nsanje, ndipo msasa wawo wina unali pafupi. Esinala anapita kumeneko, kumene kunalibe womudziwa. Anapeza mayi wina dzina lake Magdalena, wamasiye wa ku Mutarara, amene tsitsi lake linali lalitali koma lopotana ndi fumbi, losapesedwa chithawireni. Anayankhulana m'Chisena. Esinala anamulonjeza sopo ndi chitenje, Magdalena n'kuvomera osafunsa zambiri. Masiku otsalawo Esinala anawathera pa mutu umenewo: kuutsuka, kumasula mfundo imodziimodzi ndi zala, kuudzoza mafuta a nsatsi, kuukulunga pa marola a bango atsopano. Magdalena ankagona tulo pamiyendo pake, ndipo akadzuka ankati takhuta, kuthokoza kwa Chisena. Esinala anayambanso kudya bwino.

Anakwera sitima. Popeza wothawa nkhondo sankayenera kuchoka pamsasa, Esinala anabwereka khadi la chipani la mchemwali wake n'kumupatsa Magdalena, n'kumuuza kuti aliyense akamufunsa kanthu azingotsokomola. Anawoloka Shire pa Chiromo, dambo lalikulu likuoneka kumanzere ndi mabwato a asodzi, kenaka sitima inayamba kukwera mapiri. Ku Limbe kunkazizira, ndipo onse awiri analibe juzi. Anagona pa siteshoni.

Sukuluyo inali pamwamba pa sitolo, pokwera ndi masitepe opapatiza. Oyesedwa ena anali atsikana a m'tauni, ovala madiresi oyera ndi nsapato zazitali, aliyense ndi kachikwama ka zipangizo. Esinala anali ndi diresi loyera la kutchalitchi, chipeso, sizasi imene anainola pa mwala, ndi botolo la mankhwala a pemu limene anagula m'mawa womwewo. Atsikanawo anayang'ana mapazi ake, koma maso awo anakhalitsa pa tsitsi la Magdalena.

Woyesa anali mayi wa magalasi, woyankhula mofatsa. Anawaimika pamzere n'kunena kuti mayeso amayamba ndi thupi la wogwira ntchito. Anayendera zikhadabo ndi zikhato za aliyense. Za Esinala zinali zoyera, zowengedwa bwino, ndipo mayiyo anagwedeza mutu. Kenaka anamuuza kuti avule duku. Esinala anapempha kuti akhale nalo. Mayiyo anati lamulo ndi limodzi kwa onse.

Duku linamatirira monga mwa masiku onse, ndipo anachita kulikoka. Mtsikana amene anaima pafupi naye anasendera kutali atagwira mphuno. Woyesayo anayang'ana osakhudza, n'kunena kuti chimenecho n'chipere chonyeka, ndipo munthu wotero sangagwire mutu wa wina.

"Si chipere, mayi. Ndi lumo."

"Lumo la chiyani?"

"Kunali maliro kwathu."

"Nanenso ndinametapo pa maliro," anatero mayiyo. "Sameta chonchi. Anakumetani chifukwa chiyani?"

Esinala anaona kuti yankho loona ndi loipa kuposa chipere. Anangoti mafunso a ukhondo onse akuwadziwa, amufunse lililonse. Woyesayo anati akanawadziwa sakanabwera ndi mutu wotero, ndipo adzayesenso chaka chamawa akadzachira. Anatero akupita kale kwa mtsikana wotsatira.

Esinala akusonkhanitsa zinthu zake, mtsikana wina anathamangira kwa woyesa. Munthu wake sanabwere, ndipo anali akulira chifikireni. Anapempha kuti, popeza mayi wa tsitsi lalitaliyo alibenso ntchito, amubwereke. Woyesayo anati zili kwa mwini mutu. Mtsikanayo anavula juzi yake yofiira n'kumuveka Magdalena pamapewa. Magdalena, amene ankanjenjemera ndi chisanu chiyambire dzulo lake, anayang'ana Esinala kamodzi, n'kukakhala pampando.

Esinala anadikira pa masitepe, chifukwa sakanamusiya munthu wosadziwa njira. Chitseko chinali chotseka, koma ankamva zonse: madzi akutsikira m'beseni, sizasi, fungo la mankhwala, kulira kwa chowumitsira. Ankadziwa kuti tsopano akugawa, tsopano akukulunga, tsopano akutsuka. Anthu okwera ndi otsika ankamulambalala. Dzuwa litapendeka Magdalena anatuluka tsitsi lili nyezinyezi, likugwera m'mapewa. Mtsikana uja anatuluka pambuyo pake akudumphadumpha, akuuza anzake kuti woyesa wayamikira kuti tsitsilo linali losamalidwa bwino. Popita ku siteshoni Magdalena ankaima pa windo la sitolo iliyonse kudziyang'ana. M'sitima anakumbutsa za sopo ndi chitenje, ndipo Esinala anamupatsa.

Chaka chamawacho sanapite. Mbuzi ina analibe, ndipo mabala atapola anasiya zipsera zosalala pamene tsitsi silinamerenso. Kwa kanthawi ankaluka amayi a kumsasa, mpaka wina wa m'mudzi anakawauza nkhani ya ku Nchalo, nawonso analeka kubwera. Anabwerera ku thonje ndi mapira. Akamadutsa pakhomo pamene mwana akumetedwa, mayi wa mwanayo ankaponda tsitsi lapansi ndi phazi mpaka iye atapitirira. Kenaka kunamveka kuti Dailesi wabereka mwana wamwamuna wamoyo, wonenepa. Ku Nchalo ndi ku Tengani komwe anthu anati umboni ndi umenewo: chipanda chitapsa, mimba inamasuka. Ngakhale mayi ake a Esinala anasiya kumuikira kumbuyo. Mayi Lily analemba wosesa wina, ndipo Shadreck anakwatira mkazi wa kwawo.

Kawiri konse Esinala anapita ku Nchalo kuti akaone mwana, ndipo maulendo onsewo anamubweza asanafike pamzere. Chaka cha chilala chachikulu, mapira atapserera m'munda, anayamba kugula nsomba zouma kwa asodzi a kudambo n'kumakagulitsa pamsika wa Bangula. Tsiku lina akuingitsa ntchentche pa milamba yake, anaona mkazi watsopano wa Shadreck akusankha tomato, ndipo pambuyo pake panali mtsikana wa msinkhu wa sukulu atasenza dengu. Anamuzindikira ndi kayendedwe. Mtsikanayo atatula dengu, mutu wake unali wometedwa mpala ngati wa mnyamata. Mayi wogulitsa pafupi, amene ankalidziwa banjalo koma osamudziwa Esinala, anati mwana ameneyo salola kuti tsitsi lake likule. Bambo ake amamumeta okha mwezi uliwonse n'kulitentha, poopa kuti mayi ake omubereka, amene ndi mfiti, angalipeze.

Esinala anasiya nsomba zake n'kupita. Anagwada kuti afanane naye msinkhu, n'kumutchula dzina. Evelesi anamuyang'ana nkhope, kenaka duku, ndipo zinaoneka kuti wamudziwa. Esinala anatambasula dzanja. Mwanayo anaphimba mutu wake ndi manja onse awiri n'kubwerera m'mbuyo mpaka anagunda miyendo ya mayi ake omupeza.

Mkaziyo anamusenzetsa dengu, anamugwira pamkono, ndipo anatuluka mumsika tomato osagula. Esinala anakhala chogwada kanthawi. Atabwerera pamalo pake anapeza galu atathawa ndi mlamba umodzi, ndipo panali bambo wina akudikira kuti agule.